Denga la kapela, groto kapena mjigo? Ndalama za gulu tichite nazo chiyani

Prezidenti (Tete): Atamandike Yesu Khristu abale ndi alongo. Pepani kulemba usiku chonchi, ndangofika kumene kuchokera kumudzi, shapa inatifera pa Mussacama tinakhala pamenepo maola atatu kudikira batire. Nkhani ndi ya kapela yathu. Lamulungu ndinapemphera komweko ndipo zimene ndaona sizinandisangalatse ayi, malata atatu a mbali ya kwaya anapita ndi mphepo ija, otsalawo ndi dzimbiri lokhalokha ukayang'ana m'mwamba dzuwa likungolowa m'timabowo ngati sefa, mitanda iwiri chiswe chinadya kale ukagogoda ikulira ngati ng'oma. Ndalama zimene takhala tikusonkha zilipo, ndiye tigwirizane tichite nazo chiyani mvula isanagwe.

Mayi a Lejiyo: Mpaka muyaya amen. Mwafika bwino a prezidenti. Koma musaiwale kuti ife azimayi tinapempha kale groto ya Amayi Maria, chaka chino ndi chachitatu tikungouzidwa kuti dikirani. Mwezi wa Meyi ndi wa Okutobala korona timapempherera pansi pa mtengo wa pichesi uja, chifanizo timachiika pa mpando wa pulasitiki titayala kapulana, tsiku lina mbuzi za a neba zinachigwetsa dzanja linaduka tinachita kumata ndi guluu mpaka lero chikuoneka mzere. Amayi athu ndi oika pa mpando wa pulasitiki zoona?

Msungichuma: M'buku muli 74,500 MT, kuphatikiza zimene zinalowa pa M-Pesa ndi e-Mola sabata yatha. Alipo anthu amene sanaponye kanthu kuyambira Epulo, sinditchula maina lero koma akudzidziwa.

Achimwene a ku Moatize: Ndilankhuleko ndisanatukwanidwe. Ine nonse mukundidziwa ndine wa Reformada, ndipo ndimasonkha mwezi uliwonse osaphonya. Gulu ili tinalitcha la chitukuko cha kwathu, sitinati la parishi. Muno muli a Reformada, a Adventista, a Pentekoste, ena ndi a kudambwe osawatchula. Mjigo wa kusukulu unafa chaka chatha ana akumwa madzi a padambo limodzi ndi ng'ombe, ndiye ndalama zonse zipite ku nyumba ya chifanizo? Sindikunyoza chipembedzo cha munthu koma funso ndi limenelo.

Mayi a Lejiyo: Achimwene mwayambanso za mafano zija eti. Ife sitipembedza simenti, chithunzi cha malemu amayi anu chili pa khoma kwanu ku Moatize ndinachiona, mumachipembedza?

Achimwene a ku Moatize: Kkkkk mayi ine sindinatchule fano, ndati chifanizo monga mwanenera eni ake. Koma chithunzi cha amayi sichinadye ndalama za gulu.

Prezidenti: Tisafike kumeneko chonde, izi zinawakanika azigogo athu sitingazithe pa WhatsApp usiku uno.

Mphwathu wa ku Joni: Moni makolo. Ine maganizo anga ndi ena. Tikakonza dengalo tisinthenso dzina, kapela ikhale ya Amaritiri a ku Chapotera, ansembe awiri aja anaphedwa kumeneko mu 1985. Kuno ku South Africa anzathu amanyadira Benedict Daswa, mphunzitsi wa kwawo konkuno ku Limpopo anaphedwa mu 1990 ndipo 2015 anamulengeza kukhala Wodala, anthu amapita ndi mabasi. Ife tili ndi athu, Padre Kamtedza mwana wa Angonia weniweni, koma makapela onse ndi maina a azungu okhaokha. Mukavomera zimenezi ine ndekha ndigula penti ndi chikwangwani.

Aphunzitsi (Ulongwe): Mphwanga mtima wako ndaumva ndipo ndi wabwino koma sizitheka panopa, osati chifukwa cha ife koma lamulo la Mpingo. Padre João de Deus Kamtedza ndi Padre Sílvio Moreira pakali pano ndi Atumiki a Mulungu, kutanthauza kuti dayosizi ya Tete inatsegula nkhani yawo, kufunsa mboni ndi kusonkhanitsa makalata, koma amene amagamula ndi ku Roma. Munthu asanalengezedwe kukhala Wodala sungamumangire tchalitchi m'dzina lake, sungaike chifanizo chake pa guwa, ngakhale kumujambula ndi kuwala kuja kozungulira mutu saloleza. Ndipo tikachita zimenezi mwaphuma tikhoza kuwonongera nkhani yomweyo chifukwa chimodzi mwa zimene amafufuza ndi chakuti kodi anthu sanayambe kale kuwapatsa ulemu wa oyera Mpingo usanalole. Kupita ku Chapotera kukapemphera, kupempha Mulungu kuti nkhani yawo iyende, kupempha thandizo lawo pawekha m'nyumba mwako, zimenezo palibe woletsa.

Mphwathu wa ku Joni: Ndiye tidikira mpaka liti aphunzitsi, chaka cha 1985 ndi kale ine ndinali ndisanabadwe

Aphunzitsi (Ulongwe): Amaritiri a ku Uganda, a Karoli Lwanga ndi Kizito ndi anzawo, ambiri anaphedwa 1886, anakhala Odala 1920, Oyera 1964 nthawi ya Papa Paulo VI. Werengera wekha. Chabwino chake n'chakuti kwa munthu amene wavomerezedwa kuti anafera chikhulupiriro safuna chozizwitsa kuti akhale Wodala, chozizwitsa chimafunika pa sitepe yomaliza ya kukhala Woyera. Kuona maso a nkhono n'kudekha mphwanga.

Agogo a katekista: Ana anga ndine agogo anu, akundilembera ndi mdzukulu wanga chifukwa maso anatha. Ndamva zonse wandiwerengera. Za ansembe awiriwa musandiuze ine, Padre Kamtedza ndinamuona ndi maso angawa, ankalankhula chinenero chathu chomwechi ndipo mukamumvera simukanafuna womasulira. Nthawi imeneyo nyumba za mishoni ya Lifidzi boma linali litatenga, iwo n'kumakhala ku Chapotera pakati pa anthu. Usiku wa pa 30 Okutobala 1985 anabwera anthu a mfuti n'kuwatenga, mitembo inapezeka patapita masiku. Ife tinamva ngati mphekesera poyamba, munthu sunkafunsa mokweza masiku amenewo. Pasanapite nthawi yaitali tinathawa tonse kulowa ku Dedza, ena ku Ntcheu, ine ndinanyamula buku la mapemphero ndi kaundula wa ubatizo ndinazikulunga m'thumba la feteleza, mbuzi ndinasiya. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 tinayamba kubwerera, tinapeza kapela yakale ya udzu kulibe, pamalopo pamera tsekera wotalika kuposa munthu. Njerwa za kapela imene mukuikambayi tinaumba tokha, azimayi kutunga madzi kudambo amuna kuponda dothi, uvuni tinawotcha masiku atatu osagona. Ndipo mwana wanga wa ku Moatize ndikuuze, malemu bambo ako a Reformada anabwera ndi ngolo yawo kudzatuta njerwa zimenezo sanalandire kanthu, ifenso tinakathandiza kufolera yawo. Dzina la Yosefe Woyera sitinangotola, amene anakhoma denga loyamba anali kalipentala wobwera naye kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo, anati ndilibe ndalama yopereka koma manja, ndiye tinati nkhoswe yathu akhale kalipentala mnzake. Dzinalo musalichotse ndili moyo. Mukadzamanga ina yaikulu Roma atayankha mudzaitche ya Chapotera ndidzakondwera ndili kumanda.

Mlongo wa ku Beira: Agogo mwandiliza ine. Kaundula ameneyo ndi mmene munalembedwa dzina langa, nditafuna kalata ya ubatizo ya ukwati anakaipeza mmenemo pepala lake lachita chikasu.

Mphwathu wa ku Joni: Pepani agogo sindinkadziwa za kalipentalayo. Dzina likhale. Koma penti ndigulabe.

Achimwene a ku Moatize: Za ngolo ya bambo ndikuzikumbuka ndinakwera nawo ndili mwana. Sindikukana denga ine, kapela ija ndi imenenso timachitiramo misonkhano ya mudzi, sikelo ya ana a mpaka zaka 5 imachitikira momwemo mvula ikamagwa, ngakhale maliro a anthu osapemphera mabenchi amachokera mmenemo. Chimene ndikukana ndi kuti mjigo uiwalike. Denga inde, groto ndi ndalama za gulu ayi, imeneyo a Katolika asonkhe paokha.

Mayi a Lejiyo: Ndiye ife azimayi tizingophika pa festa basi, zathu zikafika pa ndalama ndiye paokha paokha. Pa 19 Malichi chaka chino, festa ya Yosefe Woyera, ndani anasenda mbatata ya anthu onse aja, ndani anagona kukhitchini? Mvula inagwa pakati pa Misa ine ndi anzanga awiri tinagwira kapulana pamwamba pa guwa kuti buku la padre lisanyowe, mikono kuchita kuuma, beseni lili pansi likulira tho tho tho nthawi ya konsekrasiyo. Musandiuze za denga ngati sindilidziwa.

Mlongo wa ku Beira: Mayi ndiye mwanena nokhatu kuti denga ndilo loyamba kkkk

Mayi a Lejiyo: Iwe khala chete ndinakusambitsa ndine

Amisiri (Domwe): Ndiyankhepo za ntchito yake popeza ndinakwera pamwamba paja mwezi watha. Kusintha malata okha ndi kutaya ndalama, mitanda ndi imene yatha, mukakhoma malata atsopano pa mitengo yofumbwa mphepo ya Novembala idzanyamula zonse pamodzi. Pafunika kugwetsa denga lonse, mitengo ya bulugamu yokhwima yowuma bwino, tiipake oyilo wakuda wa galimoto chiswe sichiyandikira, ndipo timange ndi waya kulowa m'khoma osati kungosanjika njerwa pamwamba ngati mmene zinalili. Malata tisagule opyapyala aja otchipa ukawagwira amalira ngati pepala, zaka zitatu abooka. Misomali ya chipewa. Ndalama imene yatchulidwayo denga ikwana ngati mitengo ndi ntchito zichokera kumudzi, koma yotsala ikhala yochepa, singakwane groto ndi mjigo zonse.

Msungichuma: Ndipo ulendo uno ndalama sitipereka m'manja mwa munthu mmodzi. Simunaiwale za mmisiri uja tinamupatsa ya mawindo theka n'kutiuza kuti akukagula magalasi, mpaka lero foni yake imangoti desligado. Katundu tikagula tokha anthu atatu, risiti ijambulidwe iponyedwe muno tsiku lomwelo.

Mphwathu wa ku Joni: Bwanji osakagula ku Dedza, pa Calomue m'pafupi ndipo kwacha inagwa

Amisiri (Domwe): Ukawerengera alfandega (msonkho wa pa border) ndi transipoti ndi osintha ndalama a pa border phindu lake silioneka, komanso lata likakhala lopindika ukabweza bwanji kudziko la eni. Tigule pa Ulongwe pomwepa, ngolo zikatenge.

Aphunzitsi (Ulongwe): Chinanso tisaiwale, kapela si ya gulu lathu, ili pansi pa parishi. Tisanagwetse denga a animadori (atsogoleri a kapela) ndi komiti ya komunidade akauze bambo mfumu, mwina angathandizeko ngakhale galimoto yonyamulira. Groto nayonso malo ake amaloza ndi iwo, ndiye mayi ngakhale ndalama ikanakhalapo lero sitikanangoyamba kukumba. Ine ndikuona chonchi, miyala kwathu ndi yosagula ili mbwee m'phiri, achinyamata a kwaya ndi akatekumeni atute Loweruka lililonse, chimene chifunike kugula ndi simenti matumba ochepa basi. Imeneyo tisonkhe a Katolika patokha monga anenera achimwene, ine ndayamba ndi thumba limodzi.

Mlongo wa ku Beira: Langa lachiwiri. Ndipo chifanizo chatsopano ndibweretsa pa Disembala, chakale chija chikhale cha prosisau, choyenda nacho pa mdipiti.

Mayi a Lejiyo: Chakalecho musachinyoze chinabwera kuchokera ku Zobue pa mutu panga. Koma chabwino ndamva. Ndikauza anzanga Lachinayi, akandikalipira ndidzawapatsa nambala yanu aphunzitsi.

Achimwene a ku Moatize: Nanga mjigo?

Prezidenti: Mjigo sitinadziwe n'komwe chimene chinafa, ena akuti ndi marabala ena akuti mapaipi anagwera pansi. Yotsala pa denga tiyambe taitana mekaniko adzautsegule atiuze mtengo, chosonkha cha Novembala ndi Disembala chonse chipite kumeneko. Achimwene inu muyang'anire zimenezo ndinu, mwaikamba kwambiri.

Achimwene a ku Moatize: Kkkk walira mvula walira matope, ndavomera. Koma zilembedwe mu akta kuti Novembala ndi Disembala ndi za madzi, asadzabwere wina ndi nkhani ya mayunifomu a kwaya.

Agogo a katekista: Mdzukulu akuti batire ikutha. Mitengo ya bulugamu kadule kumunda kwanga kuseri kwa manda, ndinadzala 1995 yakhwima. Musadule wa pakona uja muli njuchi.

Prezidenti: Zikomo agogo. Amene akugwirizana ndi denga aike chala muno pofika Lachisanu, amene sakufuna alembe chifukwa chake osati kukalankhulira kumbali. Amisiri mutitumizire muyeso wa malata ndi kuchuluka kwake.

Amisiri (Domwe): Mawa ndikayeza. Koma makwerero a kapela ali kwa ndani? Ndinawafuna sabata yatha akuti anabwereka wina wa muno muno kukathyolera mapeyala.

Msungichuma: Ameneyonso ali pa mndandanda wa osasonkha uja.