Ana atsekera, ndipite nawo kuti? Malipiro atha ndi msonkho

Membala wobisa dzina

Mwaswera bwanji abale. A admin chonde mundibisire dzina, pagulu pano pali achibale a amuna anga ambiri. Ndithandizeni maganizo. Ana atsekera sukulu ndipo mutu wanga sukugwira. Ndili ndi anga atatu, ndi wachinayi wa mlamu wanga amene anamusiya kuti angocheza pang'ono, koma mpaka lero mayi ake foni sakuyankha, pamene pa status akuoneka ali kuukwati atavala wigi yatsopano. Mwanayo alibe vuto, kungoti buledi satsala.

Holide yathayi sitinapite kulikonse. Atatsegulira, aphunzitsi anawauza kuti aliyense alembe kumene anapita, wanga wamkulu analemba kuti anapita kuchigayo. Anzake anamuseka mpaka anabwera akulira. Ndinamulonjeza kuti ulendo uno tipita kwinakwake. Tsopano malipiro alowa, ndayang'ana pepala lake misozi kufuna kutuluka. PAYE, msonkho wa pa malipiro uja, wadya, penshoni yadya, ngongole ya kuntchito yadya. Fizi ya Seputembala ikundidikira, yunifolomu ya wachiwiri yafupika. Bambo awo akuti ife tinakula osaona nyanja ndipo sitinafe, koma Loweruka lililonse ya mpira ndi anzawo imapezeka. Apongozi akuti ndiwatumize kumudzi, koma ulendo watha anabwerako ndi zipere, nditafunsa anati ndine wonyada. Mtsikana wantchito naye wapempha kupita kwawo sabata yomweyi.

Ndiye kodi pafupi ndi kwathu kuno kuli malo ati otchipa oti ana ang'onoang'ono akasangalale tsiku limodzi? Osandinyoza chonde, BP yanga ndi yokwera kale.

Nachisale wa ku Ndirande
Pafupi ndi kwanu kuti mayi? Za wigi mwatiuza, za zipere mwatiuza, koma kumene mumakhala ayi. Anawo ali ndi zaka zingati? M'thumba muli zingati?

Malume Phiri
Mayi, malo alipo ambirimbiri, chakuphani ndi MSONKHO. Werengani nane. Malipiro asanafike m'manja PAYE wadula kale. Yotsalayo mukalowa nayo m'shopu, VAT. Mukathira petulo, mkati mwa mtengo wa lita imodzi muli ndalama ya misewu, muli ya magetsi akumidzi. Mukalowa mu M1, pa tologeti ya Kalinyeke tulutsani, pa Chingeni tulutsani, pobwerera chimodzimodzi. Mukafika pa loji kuti mwana adye tchipisi, pansi pa risiti pali VAT ndi ina ya zokopa alendo. Mufune kuimbira bambo awo kuti tafika bwino, mayunitsi nawo ali ndi msonkho wake. Kwacha imodzi yomweyo akuikama m'mawa ndi madzulo ngati ng'ombe ya ku Bvumbwe. Ndiye mwana akalembe chiyani kupatula chigayo?

> Gondwe T.
> A Phiri tiyeni tisasakanize. Ya pa tologeti siipita ku MRA, imapita ku Roads Fund Administration. Penshoni imene mayiwa akuidandaula nayonso ndi ndalama yawo yomwe: wantchito amadulidwa 5 peresenti, bwana amaikapo 10 peresenti. Ya zokopa alendo ndi 1 peresenti chabe, imene imapweteka pa risiti ndi VAT, yomwe kwa zaka zambiri inali 16.5 peresenti.

> Malume Phiri
> A Gondwe mumagwira kumeneko eti? Ine ikatuluka m'thumba mwanga sindifunsa kuti yalowa khomo liti. Penshoni mukuitamayo, Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Tikadzapuma ntchito idzagula chiyani? Thumba la makala?

> Gondwe T.
> Sindigwira kumeneko, ndimangowerenga.

> Malume Phiri
> Werenganinso maenje a mumsewu mutiuze alipo angati.

Mayi a Mapasa
Ngati muli ku Lilongwe pitani nawo ku Wildlife Centre. Kuli tinjira toyenda m'nkhalango m'mbali mwa Lingadzi, apusi amangodumpha m'mitengo, anga anabwerako atatopa mpaka anagona osadya nsima. Imbani kaye mufunse mtengo wolowera komanso ngati amalola chakudya chochokera kunyumba. Pitani m'mawa.

Che Jafali
Kkkkk wa kuchigayo uja mumusiye, ndi mwana woona mtima. Anzake analemba Cape Maclear pamene anathera holide yonse kwa aneba kuonera makatuni.

Anambewe Original
Ine nkhani ya malo sindiyankha. Nkhani ili apa ndi bamboyo. Ya mpira ikupezeka koma ya ana ake ayi? Loweruka likubwerali asambitseni onse anayi, avekeni bwino, muwapatse bambo awo pakhomo kuti pitani nawoni kumpirako. Inu mukagone. Mudzaona ndalama ya ulendo ikutuluka yokha.

> Bambo a Tadala
> Azimayi mumafulumira kuweruza. Mwamva mbali imodzi. Mwina munthuyo ndi amene akulipira lendi ndi magetsi, Loweruka lokhalo ndi limene amapumira.

> Anambewe Original
> Mayiwa amapuma liti? Mwadzimva eti a Tadala?

> Malume Phiri
> Mukukangana chabe. Mabanja akutha chifukwa cha msonkho. Bamboyo akanakhala kuti sakudulidwa chonchi bwenzi ya mpira ndi ya nyanja zonse zikukwana.

Esnart M.
Chilichonse mungachite, musapite kunyanja mwezi uno ndi ana aang'ono. Ine ndinayesa Ogasiti wina, Senga Bay. Minibasi inatifera tisanafike pa Salima, tinakhala padzuwa kudikira ina, kondakitala ndalama osabweza. Pofika kunyanja mwera uli pachimake, mafunde akulu, madzi ozizira, wamng'ono anangoponda kamodzi n'kuyamba kulira kuti tibwerere. Nsapato yake imodzi inapita ndi madzi, yatsopano. Chambo chimene tinaitanitsa pa malo ena chinabwera titatha kale njala ndi mandasi, mtengo wake sindinena, amuna anga mpaka lero amaukumbutsa tikakangana. Titabwerera patapita masabata wamkulu anayamba kukodza magazi. Ulendo wonse unathera kuchipatala.

> Namwino Wapansipa
> Pepani mayi, amenewo anali likodzo. Limakonda madzi odekha, a mabango ndi udzu, momwe mumakhala nkhono. Mankhwala ake ndi praziquantel, amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa mwana, ndiye osangogula n'kumwetsa, pitani kuchipatala akamuyeze. Ndipo amene mukupita ndi ana kunyanja, wamkulu mmodzi ntchito yake ikhale kuyang'ana ana basi, foni m'chikwama. Mwana samakuwa akamamira.

> Malume Phiri
> Mukafika kuchipatalako akuuzani kuti mankhwala kulibe, kaguleni ku famase. Msonkho wathu uja uli kuti?

> Esnart M.
> Ife anatipatsa a Phiri, osanamizira.

Agogo a Chikondi
Ana a masiku ano mukuwalera molakwika. Holide ndi yopita kumudzi, mwana akaone agogo ake, akadziwe kutola nkhuni, kukazinga chimanga, kupereka moni atagwada. Zipere zimapola ndi mankhwala, koma mwana wosadziwa kwawo sapola. Apongozi anu sanalakwe. Ndipo inu a Phiri mukulira msonkho wodulidwa muli pampando? Ife tinaona abambo akugona kutchire kuthawa amesinjala a msonkho, ndipo wopanda khadi la chipani mumsika samalowa, basi samakwera.

> Malume Phiri
> Agogo ulemu wanu, koma nthawi imeneyo munthu umatha kuthawira kutchire. PAYE ungamuthawire kuti?

> Che Jafali
> Kuchigayo kkkkk

Tiya Events
Jumping castle yobwereketsa, kupenta ana kumaso, popukoni ndi keke. Timafika paliponse. Mitengo ku inbox.

> Nachisale wa ku Ndirande
> Mufika bwanji paliponse pamene mwini wake sananene kumene ali?

Wa ku Chilomoni
Ngati ndi Blantyre, museum ya pa Chichiri. Panja pali chisitima chakale chamalasha, ana amachizungulira osatopa, m'kati aona zinthu zamakedzana zoti akalembe kusukulu. Minibasi za pakati pa Limbe ndi Blantyre zimadutsa chapafupi. Mukakhala ndi kangachepe kwerani ku Zomba, pamwamba pa phiri, akaone damu la Mulunguzi, koma tengani majuzi kumazizira mwezi uno. Ife tili ana bambo ankangotitengera ku Chileka kukaona ndege ikutera, tinkakamba mwezi wathunthu.

Achimwene a ku Joni
Kumudziko mumangolira. Kuno ku Johannesburg VAT ndi 15 peresenti koma mapaki a ana ali m'madera ambiri, kulowa ulere. Ma e-toll, olipiritsa pamsewu aja, anthu anakana kulipira mpaka boma linawathetsa mu 2024. Inu mumangodandaula pa Facebook kenako n'kukaima pamzere.

> Malume Phiri
> MWAMVA? Anzathu anakana! Ife tologeti ya Chingeni itatsegulidwa mu 2021 tinalira sabata imodzi, kenako tinayamba kusunga chenje m'galimoto.

> Anambewe Original
> Achimwene, m'malo mwa maphunzirowa tumizani ma rand mayiwa apite ndi ana.

> Achimwene a ku Joni
> Ine Disembala watha ndinabwera ndi tinjinga tiwiri ta ana a mlongo wanga, zimene ndinalipira kuti tilowe m'dziko ndikanagula tina tiwiri. Musandiyambe.

> Gondwe T.
> Basi inakulipiritsani katundu, imeneyo musaiwerengere ku msonkho.

Mai Busa
Mlongo, funsani kutchalitchi kwanu, mipingo yambiri imakhala ndi misonkhano ya ana a Sande sukulu pa holide. Za mlamu wanuyo mukhululukireni, mwanayo ndi mdalitso pakhomo panu.

> Anambewe Original
> Mdalitso wodya buledi wa eni. Amayi ake abwere adzamutenge.

Membala wobisa dzina
Zikomo nonse amene mwayankha. Kuti ndikonze pang'ono, zipere zija sizinali za kwa apongozi okha, wina anazitenga kusukulu, koma iwo anakana kumupaka mankhwala amene ndinatumiza. Amuna anga lendi salipira, nyumba ndi ya kuntchito kwanga. Mlamu uja wayankha tsopano, akuti abwera mwezi ukatha, ndipo wapempha kuti ndimugulire mwanayo silipasi. Galimoto tilibe, timayenda pa minibasi ndi kabaza. Kunyanja ndi kutali ndi kuno. Ndiye ndipange bwanji?

> Nachisale wa ku Ndirande
> Mayi inu. KUNO KUTI? Mchinji ndi kutali ndi nyanja, Mulanje ndi kutali ndi nyanja, Chitipa ndi kutali ndi nyanja.

> Bambo a Tadala
> Za lendi ndabweza mawu anga.

> Malume Phiri
> Kusakhala ndi galimoto sikukupulumutsani. Wa minibasi ya tologeti ndi ya petulo amaitenga kwa inu nomwe, mwana wa pamiyendo yekha ndiye amakwera ulere, ndipo anayi simungawakhazike onse pamiyendo.

> Mayi a Mapasa
> Ana anayi pa kabaza ayi chonde. Bola muyende pansi.

Mphunzitsi wa ku Dedza
Ndine mphunzitsi wa sitandade 3 ndipo nkhani ya mwana wanuyo yandikhudza, funso limenelo ndisiya kulipereka. Koma ngati muli chakuno, zithunzi zakale za pa miyala ku Chongoni zili pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 2006 ndipo ana ambiri a konkuno sanazionepo. Ku Mua nakonso, ku KuNgoni, kuli zigoba za gule ndi zosema. Okhawo aang'ono kwambiri ena amaopa.

> Che Jafali
> Aphunzitsi ndi inu munayambitsa zonsezi eti? Lipirani ulendowu.

Mlimi Wamakono
Ndalama ya ulendoyo gulani anapiye a mikolongwe ana aziweta. Pofika Disembala mwagulitsa, fizi yapezeka. Ine ana anga sadziwa holide koma aliyense ali ndi nkhuku zake.

> Esnart M.
> Ine ndinaweta, chitopa chinamaliza zonse sabata imodzi.

Admin
A Phiri, ndemanga zanu zachuluka ndipo zina tachotsa chifukwa mwayamba kutchula mayina a anthu. Pano si pa msonkhano wa ndale. Thandizani mayiwa kapena khalani chete.

> Malume Phiri
> Ndikuwathandiza kumene. Wina aliyense pano akuwatumiza kokalipira.

Gondwe T.
Mayi, poti a Phiri akuopsezani, nayi njira yoti msonkho ukukhudzeni pang'ono. Zakudya zosakonzedwa za mumsika, mbatata, mtedza, nthochi, zilibe VAT. Chodula pa ulendo wa ana ndi chakudya cha pamalopo ndi zakumwa za m'mabotolo. Phikani kunyumba mpunga ndi mazira, wiritsani mbatata, sungunulani Sobo m'chigubu, tengani chitenje choyala. Mutsala ndi thiransipoti ndi polowera basi. Ku malo osungira nyama monga Liwonde ndi Majete Amalawi amalipira mtengo wotsika kuposa alendo akunja, tengani chitupa cha unzika, ngakhale kumeneko popanda galimoto n'kovuta. Gwirizanani ndi mabanja awiri kapena atatu mubwereke minibasi imodzi.

> Malume Phiri
> Mbatata ilibe VAT, chabwino. Nanga mayi wogulitsayo tikiti ya msika amadula tsiku ndi tsiku ija amaibweza kwa ndani?

> Gondwe T.
> Imeneyo ndi ya khonsolo.

> Malume Phiri
> A admin, ndaletsedwa kuyankha, koma mwaona nokha amene akundiputa.