Kodi "mwini" ndani pa mwambi woti "pagule fumbi ndiwe mwini"?

Wofunsa, ku Lilongwe:

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru pa mwambi umene wakhala ukundizunguza mutu kuyambira Lamulungu lapitali. Tinali kuonera mpira wa ku England kunyumba kwa malume anga, ndipo pamene kanema anaonetsa bwalo la Anfield, la timu ya Liverpool, litadzaza thothotho, ndinayamba kuwafotokozera mmene bwalolo linakulira komanso mkangano umene unabuka pa mitengo ya matikiti mu 2016.

Kwa amene simutsatira mpira wa kunjawu, nkhani yake inali yotere. Eni ake a Liverpool, kampani ya ku America ya Fenway Sports Group, anakulitsa mbali ya bwalo yotchedwa Main Stand powonjezera mipando pafupifupi 8,500, kuti bwalo limene linkalandira anthu pafupifupi 45,000 lizilandira 54,000. Ntchitoyo ili mkati, analengeza kuti tikiti yodula kwambiri ikwera kuchoka pa mapaundi 59 kufika pa mapaundi 77. Pa 6 February 2016, timuyi ikusewera ndi Sunderland, ochemerera pafupifupi 10,000 anadzuka pa mphindi ya 77 n'kutuluka m'bwalo. Pa nthawiyo Liverpool inali patsogolo ndi zigoli ziwiri kwa chilowere, koma masewero anathera 2-2. Pasanathe sabata, eni timu analemba kalata yopepesa ndipo mtengo wa mapaundi 77 unathera pomwepo.

Nditamaliza, malume anaika kapu yawo ya tiyi pansi, napukusa mutu, nati, "Pagule fumbi ndiwe mwini." Sanawonjezerepo kanthu, ndipo ine ndinachita manyazi kufunsa pamaso pa ana. Tsono funso langa ndi ili: kodi "mwini" wa m'mwambiwu ndi mwini gule, amene pano tinganene kuti ndi kampani imene inalipira simenti ndi zitsulo, kapena ndi munthu wovinayo? Ngati ndi mwini gule, ndiye kuti malume amatanthauza kuti womanga bwalo ali ndi ufulu woika mtengo umene wafuna. Ngati ndi wovina, ndiye kuti amayamikira anthu amene anatuluka aja. Matanthauzo awiriwa ndi otsutsana, ndipo sindifuna kudzagwiritsa ntchito mwambiwu molakwika pagulu.

Mphunzitsi wopuma pantchito, ku Dedza:

Achimwene, yankho lili m'mawu omwewo mukawamvetsera bwino. Mwambiwu sunena kuti "fumbi ndi la mwini", ukunena kuti "ndiwe mwini", ndipo "mwini" akatsagana ndi "iwe" chotere satanthauza munthu wokhala ndi katundu ayi, koma iwe amene, monga timanenera kuti "ndinamuona ine mwini" kapena "apite yekha mwini wakeyo". Choncho mwambiwu ukulankhula ndi wovina.

Amene anakulira kumudzi adziwa chithunzi chake. Miyezi ya chilimwe bwalo limakhala louma gwa, ndipo kaya ndi chimtali, kaya ndi mganda, anthu oonerera amadziwa amene wavina mwamphamvu poona fumbi limene latuluka kumapazi ake. Woimba ng'oma angakuimbire bwino chotani, amayi angawombe m'manja mpaka manja kuwawa, koma palibe amene angakupondere pansi kuti fumbi libuke m'malo mwako. Tanthauzo limene ine ndinaphunzira, ndiponso limene ndinkaphunzitsa, ndi lakuti chinthu chako uyenera kuchichitira khama wekha, ndipo ukafuna kuti anthu akuone kapena akumve, usadikire wina kuti akulankhulire. Malume anuwo, mmene ndikuonera, anayamikira ochemerera aja chifukwa sanadikire boma kapena akuluakulu a ligi kuti awadandaulire.

Mayi wina, ku Manchester:

Ndikugwirizana ndi aphunzitsi pa galamala, koma ndikupempha kuti tisafulumire kuwapachika eni timu. Ndakhala kuno zaka zingapo ndipo ndaona kuti kukulitsa bwalo si ntchito yamasewera. Kuti Main Stand ikule panafunika kugula ndi kugwetsa nyumba za anthu mumsewu wa Lothair Road, kuseri kwa bwalolo, ndipo pambuyo pake anakulitsanso mbali ya Anfield Road mpaka bwalo lonse kufika pa anthu 61,000. Ndalama zotere zimayenera kubwerera. N'chifukwa chake gawo lalikulu la mipando yatsopano ya Main Stand linaperekedwa kwa anthu olipira zambiri, amene amadya chakudya ndi kumwa m'zipinda zapadera masewero asanayambe. Kodi mwambiwu sungawakhudzenso eni timu, kuti palibe amene angawapezere ndalama ngati iwo eni sadzipezera?

Mphunzitsi wopuma pantchito, ku Dedza:

Mayi, mwafunsa bwino, ndipo sindikana kuti mwambi umatha kuyang'ana mbali ziwiri. Munthu wamalonda akhoza kuunena podzilimbikitsa pa malonda ake, ndipo sangakhale atalakwa. Koma pamene pandivuta ndi apa: mwambiwu umalamula munthu kuti atulutse fumbi ndi mapazi ake, osati kugulitsa fumbi la mnzake. Chimene chimakopa mlendo wochokera ku Asia kapena ku America kuti alipire mapaundi ochuluka pa mpando wa ku Anfield si mpando wokhawo, koma phokoso ndi nyimbo za anthu a mbali ya kuseri kwa golo yotchedwa Kop, amene ambiri mwa iwo makolo awo ankaimanso pomwepo. Mukakweza mtengo mpaka anthu amenewa kulephera kulowa, mwathamangitsa ovina n'kutsala ndi oonerera okhaokha, amene ayang'anizana kudikira kuti wina ayambitse nyimbo. Kumudzi mwini gule amafulula mowa, amaitana anthu, amasesetsa bwalo, ndipo ulemu wake amalandira. Koma sindinaonepo mwini gule wolipiritsa ovina ake. Wovina ndiye amafupidwa.

Mayi wina, ku Manchester:

Pamenepo mwandigwira, bambo. Ndiwonjezere kuti nkhaniyi siinathere ku Liverpool. Chaka chomwecho cha 2016 matimu a Premier League, ligi yaikulu ya ku England, anagwirizana kuti tikiti ya ochemerera timu yoyenda isapitirire mapaundi 30, pozindikira kuti anthu oyenda mitunda italiitali kutsatira timu yawo ndiwo amautsa bwalo. Koma kuno ku Manchester, kumapeto kwa 2024, Manchester United inaika mtengo wa mapaundi 66 pa matikiti amene anali asanagulidwe, popanda kuchotserako ana kapena okalamba, ndipo patangopita miyezi yochepa, mu March 2025, inalengeza za maganizo omanga bwalo latsopano la anthu 100,000. Anthu anachita zionetsero kunja kwa Old Trafford, bwalo la timuyi, podandaula za mitengoyo, ndipo ena a matimu opikisana nawo anagwirizana nawo pa dandaulo lomwelo.

Bambo wina, ku Ndirande:

Ine ndingoponyapo mawu awiri. Ku Germany funso la wofunsayu silivuta kwenikweni, chifukwa lamulo lawo lotchedwa 50+1 limafuna kuti mamembala a kalabu akhale ndi mavoti ambiri kuposa wamalonda aliyense, kotero wovina ndi mwini gule amakhala munthu mmodzi. Ku Dortmund anthu pafupifupi 25,000 amaonera ligi ali chiimire mbali imodzi ya bwalo, pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa ku England. Kwathu kuno zinthu zili mwina. Bullets ndi Wanderers akhala akusewera pa Kamuzu Stadium, bwalo la boma, ndipo ndalama za pachipata zimagawidwa, mwini bwalo n'kutengapo gawo lake timu isanaone kanthu. Ndiye pamene a ku England akukangana za mtengo wa mipando yatsopano, ife tikadali pa funso loti bwalolo n'la yani.

Wofunsa, ku Lilongwe:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka aphunzitsi, chifukwa chitsanzo cha "ine mwini" chandimasula. Madzulo ano ndinalimba mtima n'kuwaimbira foni malume kuti ndimve kuchokera pakamwa pawo. Anaseka kaye nthawi yaitali, kenako anati iwo sanali kuganiza za kampani ya ku America kapena za anthu amene anatuluka aja, koma za osewera, amene anangoona mipando ikutsala yopanda anthu miyendo n'kuzizira, mpaka kulola zigoli ziwiri m'mphindi khumi zomalizira. Kwa iwo, wosewera wolandira malipiro ochuluka chotero sayenera kudikira nyimbo za anthu kuti ateteze golo lake. Tsono ndabwereranso kwa inu, aphunzitsi: m'bwalo la mpira, wovina weniweni ndi uti, wothamanga pa kapingayo kapena woimba ali pa mpando? Pakuti ngati ndi wosewera, ndiye kuti ochemerera ndi oimba ng'oma chabe, ndipo mfundo yanu yokhudza kulipiritsa ovina iyenera kuunikidwanso.