Za malo a malemu agogo ku Bangula

Bambo Aakulu: Mwaswera bwanji nonse. M'mawa uno ndinapita kumtunda kumalo a malemu bambo. Anthu aja tinawalola kumanga zisakasa madzi a Freddy atawasesa mu 2023 aumba njerwa, uvuni akusanja. Analipo mabanja atatu, pano alipo asanu. Awiri atsopanowa akuti anachita kugula kwa mmodzi wa akale aja.

Achimwene (Joni): Kugula? Malo a lizi, dzina la agogo, wina n'kumagulitsa? Bambo pezani anyamata mawa akagumule uvuniwo. Ndalama nditumiza pa Mukuru lero lomwe.

Azakhali (Nchalo): Ayi mwanawe, zimenezo ayi. Iwe uli kutali, amangidwe ndi achimwene angawa. Komanso amayi aja a ana anayi ndimawadziwa, kwawo ndi kutsidya ku Makhanga. Pamene panali nyumba yawo pano pamadutsa madzi a Ruo. Abwerere kuti?

Achimwene (Joni): Azakhali chifundo ndili nacho, koma wogulitsa malo a eni uja timutani?

Make Tadala (Blantyre): Pepani ndinali kuntchito. Achimwene, ngakhale malo ndi athu, tikagwetsa nyumba kapena kuwachotsa mokakamiza, mlandu ugwera ife, wowononga katundu. Wochotsa munthu pamalo ndi khoti. Likagamula, amene amapita kukatulutsa anthu ndi masherifu, apolisi amangoperekeza. Popanda chikalata cha khoti apolisi sachotsa munthu.

Make Tadala (Blantyre): China chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti lizi idakali m'dzina la agogo. Kukhoti adzafunsa kuti wodandaulayo ndi ndani pa malowo. Pafunika mmodzi atenge makalata oyendetsera chuma cha masiye, monga mwa lamulo la chuma cha masiye la 2011. Popanda amenewo loya wa mbali inayo atigwetsa tisanayambe n'komwe kulankhula za njerwa. Nanga lendi ya malo ku Lands, ku unduna wa za malo, tinamaliza liti kulipira?

Bambo Aakulu: Mapepala a lizi ali m'sutikesi kwa amayi anu aang'ono, madzi sanawakhudze. Lendi ndiye chimwalirireni bambo sitinalipire.

Make Tadala (Blantyre): Ajambuleni masamba onse munditumizire, ndi mapu omwe. Tisazengereze. Munthu akakhala pamalo popanda chilolezo zaka 12 mwini ali chete, mwiniyo sangakamuchotsenso kukhoti. Zakazo zili kutali, inde, koma nyumba ya malata ikangoima nkhani imalimba.

Alamu (Ngabu): Ndilowerereko pang'ono ngakhale ndine wobwera. Tsiku lowalola lija anyakwawa analipo, ndipo ananena okha kuti n'zongoyembekezera. Bwanji tiyambire kwa iwowo? Akafunse pamaso pa anthu kuti anagulitsa ndani, ndalama zingati, anasainira ndani. Ogula aja mwina nawonso anangopusitsidwa.

Azakhali (Nchalo): Alamu mwanena zoona. Ndipo a gulupu apemphedwe awapezere malo ena amayi aja. Ine sindivomera kuti achoke mvula ili pafupi, ana ali pasukulu. Tiwapatse mpaka akolole mapira.

Achimwene (Joni): Chabwino, koma zilembedwe. Zapakamwa ndi zimene zatifikitsa pano. Ndipo kumanga kuime lero.

Make Tadala (Blantyre): Kalata ndilemba usiku uno, banja lililonse yakeyake. Atatu akalewo tiwauze tsiku limene chilolezo chikutha. Awiri enawo tiwauze kuti sitinawalole ndipo wogulitsayo analibe mphamvu pa malowo. Asaine pamaso pa anyakwawa, ife tisunge kope. Akapitiriza kumanga ndiye tikatenge chiletso kukhoti. Lolemba ndikafunsa ku Legal Aid ngati angatithandize, chifukwa maloya apadera ndi odula.

Bambo Aakulu: Ndikawaona anyakwawa mawa madzulo kuti atiikire Loweruka. Achemwali mubwere, mawu anu amawamva. Za makalata a chuma cha masiye lembani dzina langa ndi lanu, tikhale awiri.

Azakhali (Nchalo): Ndibwera ndi minibasi yoyamba. Khomo lililonse lisonkhe K20,000 ya thiransipoti ndi mapepala, mutumize pa Airtel Money yanga pofika Lachinayi. Ya lendi tikambirana Make Tadala akamva kuti ngongole yafika pati.

Achimwene (Joni): Ine ndipereka ya makomo awiri. Bambo, mukapita mujambule uvuniwo ndi maziko onse, tsiku lioneke.