Amakopera bwino pa bolodi, koma chiganizo chawochawo chikuwakanika

Mphunzitsi watsopano:
Aphunzitsi anzanga, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi ana a zaka 8 ndi 9. Ndikalemba pa bolodi amakopera mwaukhondo, koma ndikangoti aliyense alembe chiganizo chake cha Chingerezi, mapensulo onse amaima. Amene ayesa amalemba "skul" m'malo mwa "school", ndipo pomaliza kuchonga kope lonse limakhala lofiira. Dzulo mtsikana wina atalandira kope lake analiponya m'chikwama osalitsegula n'komwe. Zandipweteka mtima.

Madamu a kalasi ya ang'onoang'ono:
Musataye mtima, Aphunzitsi. Mwana salemba chimene sichinatulukepo pakamwa pake. Aonetseni chithunzi, akambirane awiriawiri zimene akuona, kenako inu mulembe chiyambi chokha: "I can see a..." iwo amalize. Mawa lake sinthani mneni, mkuja muwonjezere mfotokozi. Pang'onopang'ono muzichotsa chiyambi chija mpaka azilemba okha.

Mphunzitsi wa Chingerezi:
Wolemba "skul" uja ali ndi khutu labwino, walemba zimene wamva. Vuto lili m'Chingerezimo: zilembo ndi 26, maliwu ndi pafupifupi 44. Taonani "ea" mu "eat" ndi mu "bread", kalembedwe n'kamodzi koma katchulidwe n'kosiyana. Mawu ngati "said", "was" ndi "the" alembeni pa pepala lalikulu, mumate pakhoma, azionera akamalemba.

Mphunzitsi wa makalasi aakulu:
Pamenepa ndikutsutsako pang'ono. Mukawalekerera, "skul" yemweyo amabwera naye kwa ife, ndipo kumuchotsa m'mutu ndi ntchito.

Madamu a kalasi ya ang'onoang'ono:
Sitikuti awalekerere, Bambo. Tikuti chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo anawo adziwiretu chimene chichongedwe. Sabata ino chilembo chachikulu ndi mpumiro basi. Mawu olakwika musankhepo awiri kapena atatu amene ana ambiri aphonya, muwaphunzitse kalasi yonse, Lachisanu muwatchulire alembe osaonera.

Mphunzitsi wa makalasi aakulu:
Ngati kulemba kwa Lachisanu kulipo, ndavomera.

Mphunzitsi watsopano:
Zikomo nonse. Lolemba ndiyamba ndi chithunzi. Nanga amene amamaliza msanga ndiziwapatsa chiyani?

Mphunzitsi wa Chingerezi:
Awerengere mnzawo chiganizo chawo mokweza, mnzawoyo afunse funso limodzi, yankho lake likhale chiganizo chachiwiri.