Ngowe ya pamimba kapena ya pamphuno pamene glider (ndege yopanda injini) ikukokedwa ndi ndege ina?

Wophunzira wa ku England:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndinaphunzira kuuluka pa glider ya mtundu wa ASK 21, ndipo pokokedwa ndi ndege ina, nthawi zonse chingwe chinkakolekedwa pa ngowe ya pamphuno. Tsopano ine ndi anzanga awiri tagula glider yakale ya mtundu wa Ka 6 imene ili ndi ngowe ya pamimba yokha. Kodi tiikitse ina pamphuno, kapena nkokwanira kungouluka m'munsi mwa mphepo ya ndege yokoka?

Mlangizi:
Achimwene, ngowe ya pamimba inapangidwira winchi (makina a pansi okulunga chingwe pokweza glider), imene imafuna kuti glider idzutse mphuno ndi kukwera mopendekera m'mwamba kwambiri. Chingwe chikakoka pamphuno, chimaiwongola yokha kuti itsate ndege yakutsogolo, koma chikakoka pamimba, mukangokwera pang'ono kupitirira malo oyenera, mphuno imadzuka, liwiro limawonjezeka, ndipo glider imakwera ngati kaiti. Ka 6 ndi yopepuka ndiponso ya mapiko apamwamba, motero zimenezi zimaichitikira msanga. Ine ndikadaikitsa ngoweyo, makamaka popeza maola anu ouluka akadali ochepa.

Woyendetsa ndege yokoka:
Ndikuvomereza, ndipo ndinaziona ndili mu ndege yokoka ya mtundu wa Pawnee. Tsiku lina titangonyamuka, ndinamva mchira ukunyamulidwa, malamba anandigwira m'mapewa, ndipo kutsogolo ndinangoona udzu wa m'munda m'malo mwa mitambo. Ndinakokera ndodo yowongolera ndege kumbuyo konse koma mphuno sinadzuke, mpaka mnzanga wa mu glider anamasula chingwe. Chingwe cha mamita 60 chimapereka masekondi ochepa kwambiri, ndiye musalole chachifupi kuposa pamenepo. Dzanja lamanzere likhale pafupi ndi chomasulira chachikasu, ndipo ndege yokoka ikangosowa m'maso mwanu, masulani pomwepo osayamba mwaifunafuna.

Membala wa ku Australia:
Kuno timauluka m'munsi mwa mphepo ya pulopela, pamene ku Ulaya ndi ku America ambiri amakhala pamwamba pake pang'ono. Njira yathu imachepetsadi ngoziyo mukakwera kale, koma sithandiza ponyamuka, pakuti glider imachoka pansi ndege yokoka isanachoke, ndipo nthawi yoopsa ndi yomweyo. Kumbukiraninso kuti ngowe ya pamimba imamasuka yokha chingwe chikakokera chakumbuyo, choncho chikalendewera n'kupindikira pansi panu, mungadzidzimuke mwasiyidwa.

Mlangizi:
Pa zoika, musaboole nokha. Funsani kampani ya Schleicher, imene inapanga Ka 6, ngati pali chikalata chololeza kusinthako pa mtundu wa glider yanu, ntchitoyo aigwire woyendera ndege wovomerezeka, ndipo glider iyezedwenso kulemera, popeza chitsulo chawonjezeka kutsogolo. Onetsetsani kuti chomasulira chimodzi chikutsegula ngowe zonse ziwiri. Ngowe zopangidwa ndi kampani ya Tost zimayenera kukonzedwanso zikatsegulidwa ka 10,000, ndiye yakaleyo muione m'buku la ndege.

Wophunzira wa ku England:
Zikomo kwambiri nonse. Loweruka tikumana ndi woyendera ndege, ndipo kufikira ntchitoyo itatha tiziuluka ndi winchi yokha.