Za Lachisanu la ku Sevilla: gulu la A kwa Agogo NaPhiri

Amalume (Zomba): Moni nonse. Ma visa a ife a kuno kumudzi atuluka, Mulungu alemekezeke. Ukwati wa Chisomo ndi Loweruka lomaliza la Meyi, ndipo akuchimuna ati Lachisanu tilibe chochita, tikaone mzinda wa Sevilla, ku Spain. Ine ndati tidzuke 6 koloko, 7 koloko tili pamsewu dzuwa lisanakwere. Tadala, iwe unafikako chaka chatha, tiunikire.

Tadala (Indiana): Zikomo amalume. Ndilemba motalika pang'ono, mundikhululukire, chifukwa sindikufuna kuti zimene zinandichitikira zichitikirenso ana athu ndi alamu anu. Tinali anayi, ine ndi anzanga a kuntchito. Tinanyamuka ku Chicago madzulo, kunaticherera tikutera ku Madrid, kenako sitima yothamanga kwambiri ya AVE maola awiri ndi theka mpaka pa siteshoni ya Santa Justa ku Sevilla. Usiku umenewo tulo osabwera. Wotchi ikuti 11 koloko, thupi likuti ndi 5 koloko madzulo, nthawi yoweruka kuntchito. Ndinagona cha m'ma 4, pomwe matikiti olowera ku Real Alcázar, nyumba yachifumu yakale ya mumzindamo, tinali titagula a m'mawa.

Tadala (Indiana): Ndinalowadi. Makoma ake ndi ogoba maluwa ang'onoang'ono ngati nsalu yopeta, pakati pa bwalo pali dziwe lalitali lowonetsa nyumba yonse m'madzi. Koma maso anali olemera ngati muli mchenga, miyendo ikuyenda yokha. Titafika kumunda wa kuseri ndinakhala pa benchi kuti ndimange chingwe cha nsapato, ndinadzidzimuka mnzanga akundigwedeza paphewa, pikoko ataima pafupi ndi chikwama changa. Mnzanga wina anayamba kulira popanda chifukwa, wina mutu waching'alang'ala. Tinakangana pa nkhani yoti tidye kuti, anthu okondana. Mpaka lero zimandiwawa kuti malo okongola choncho ndinawaona ngati ndili m'maloto.

Azakhali (Leeds): Mwana wanena zoona, achimwene. Imeneyo ndiyo jet lag, ndipo si ulesi ayi. Thupi lili ndi wotchi yakeyake imene imatsata kuwala kwa dzuwa, ndiyo imauza munthu nthawi ya njala ndi ya tulo. Indiana ili m'mbuyo mwa Spain ndi maola 6. Ulendo wolowera kum'mawa ndi umene umavuta kwambiri, chifukwa ukukakamiza thupi kugona nthawi yake isanakwane. Kawirikawiri limafuna pafupifupi tsiku limodzi pa ola lililonse kuti likhazikike. Ife a ku Leeds ndi ola limodzi lokha, palibe nkhani.

Amalume (Zomba): Nanga ife ndi mayi, tidwalanso zimenezi?

Limbani (Johannesburg): Ayi amalume. Mu Meyi nthawi ya ku Spain ndi imodzimodzi ndi ya ku Malawi ndi kuno ku Joni. Iwo amakankhira wotchi kutsogolo Lamulungu lomaliza la Malichi n'kuibweza Lamulungu lomaliza la Okutobala. Inu mudzangotopa ndi kukhala m'ndege usiku wonse, koma wotchi yanu musaigwire n'komwe.

Amalume (Zomba): Dziko lakutali chonchija nthawi n'kukhala imodzi! Chabwino. Komabe 7 koloko ndaiona yabwino, kutentha kuja mumanena.

Chisomo: Amalume, 7 koloko kuno mzinda umakhala usanadzuke, malo olowera ndi matikiti amakhala otseka. Kuno zonse zimachedwa. Chakudya cha masana amadya 2 koloko kapena 3, cha madzulo 9 kapena 10 usiku. Kumapeto kwa Meyi dzuwa limalowa 9 koloko itadutsa kale, ana akusewerabe panja. Kutentha kumakula kuyambira masana mpaka cha m'ma 6, ndiye nthawi imeneyo tikhale pamthunzi. Julayi ndi Ogasiti ndiye kumapyola madigiri 40, n'chifukwa chake tinasankha Meyi.

Mayi a Chisomo (Blantyre): Ine nkhawa yanga ndi mayi. Maondo aja mukuwadziwa, kuchoka pakhomo kufika kutchalitchi amapuma kawiri. Ndiponso mankhwala awo a shuga amafuna adye 12 koloko, zodikira 3 koloko sizingatheke.

Azakhali (Leeds): Achemwali, zimenezo zisiyireni ine. Ndidzanyamula buledi, nthochi ndi madzi m'chikwama, 12 ikakwana tikhala pansi adye. Ufa ndibweretsa wa nsima ya madzulo, nyumba imene tachita lendi ili ndi khitchini. Koma pasapezeke wonyamula nyama kapena za mkaka, pabwalo la ndege salola kulowa nazo.

Tadala (Indiana): Njira imene ndikuiona ndi iyi. Tikumane 10 koloko pa tchalitchi chachikulu, Catedral. Muli manda a Christopher Columbus, bokosi lake alinyamula pamapewa mafano anayi aatali. Pambali pake pali nsanja ya Giralda, yotalika mamita oposa 100. Inamangidwa ndi Asilamu, inatha mu 1198 ngati nsanja ya mzikiti, mabelu anadzaikidwa pambuyo pake. Chimene chingakusangalatseni amalume n'chakuti m'kati mwake simukwera masitepe, ndi njira yotsetsereka yozungulira, makhota oposa 30, masitepe ochepa ali kumapeto kokha. Amati anaikonza choncho kuti munthu azikwera ali pa bulu kapena hatchi.

Amalume (Zomba): Ngati bulu ankakwera, ine wokwera phiri la Zomba ndilephera bwanji. Mundilembe.

Mayi a Chisomo (Blantyre): Mayi asakwere, chonde.

Chisomo: Agogo akhala ndi ine m'bwalo la malalanje la tchalitchicho, pali mthunzi. Ndipo ndichenjezeretu ana: mitengo ya malalanje ili m'misewu yonse, koma ndi owawa, sadyeka. Ambiri amapangira jamu uja azakhali amagula ku England. Chimene ndikufuna agogo adzaone ndi jakaranda. Kuno imachita maluwa mu Meyi, misewu yonse bii ngati Blantyre mu Okutobala. Tsiku loyamba kuiona ndinaima pamsewu n'kugwetsa misozi, ndinakumbuka njira ya kusukulu.

Limbani (Johannesburg): Nanga Alcázar yomwe inagoneka Tadala ija tilowa?

Tadala (Indiana): Achimwene, ine ndikuti isakhale tsiku limodzi ndi Catedral. Zili moyang'anizana, ndiye munthu umaganiza kuti uzimaliza zonse, koma chilichonse chimadya maola awiri kapena atatu uli chiimire. Ofuna alowe Lolemba ukwati utatha, mitu itapepuka. Lachisanu tikatuluka m'tchalitchi tidutse m'tinjira ta dera lakale la Santa Cruz, n'topanikiza moti dzuwa silifika pansi, tidye, kenako aliyense akapume.

Azakhali (Leeds): Pa kupuma pamenepo, a ku America mundimvere. Mphindi 30 basi, muike alamu ya pafoni, wina akudzutseni. Mukagona maola atatu masana, usiku mudzakhalanso maso ndipo Loweruka mudzasinza m'tchalitchi mwana akulumbira. Khofi m'mawa yekha. Vinyo adikire tsiku la ukwati. Kuyenda panja kukuwala n'kumene kumathandiza thupi kuzolowera, ndiye musadzitsekere m'chipinda.

Chisomo: Madzulo cha m'ma 7 tipite ku Plaza de España, ndi kumene ndikufuna chithunzi cha banja lonse titavala chitenje chathu chija. Anaimanga chifukwa cha chionetsero cha mu 1929, ndi nyumba yaikulu ya njerwa yokhota ngati uta, kutsogolo kuli ngalande ya mabwato ndi timilatho tinayi. M'mphepete muli mabenchi 48 a matailosi, lililonse loimira chigawo chimodzi cha Spain. Agogo adzakhala pa benchi la chigawo cha kwawo kwa apongozi anga.

Mayi a Chisomo (Blantyre): Ndi patali bwanji kuchokera kutchalitchi?

Chisomo: Wamiyendo yabwino mphindi 20. Agogo ndi inu mukwera ngolo ya mahatchi, zimaima pafupi ndi Catedral pomwepo. Bambo a mwamuna wanga ati alipira iwo, akufuna akhale nawo m'ngolomo.

Limbani (Johannesburg): Alamu, akazi anu auzeni nsapato zagogoda azisungire Loweruka. Pansi ndi pa miyala.

Alamu (Indiana): Ndamva achimwene. Ndayang'ana matikiti athu, tinayenera kufika Lachinayi. Titakambirana ndi mayi a ana, tisintha tifike Lachiwiri, ndalama yowonjezera tipirira. Wamng'onoyu ali ndi zaka 4, sitingamuyendetse padzuwa thupi lake likuti ndi pakati pa usiku.

Amalume (Zomba): Mwachita bwino alamu. Ndagonja, 10 koloko. Limbani, lemba maina a okwera nsanja ndi otsala pansi, matikiti ugule pa intaneti sabata ino asanathe, aliyense akubwezera. Mayi ndawawerengera zonse. Akufunsa ngati m'ngolomo angakwere ndi ndodo yawo.

Chisomo: Auzeni akwera nayo amalume, ndipo ndidzawagwira dzanja ndine.

Limbani (Johannesburg): Okwera mpaka pano: amalume, ine, Tadala, alamu. Azakhali, inu mbali iti?

Azakhali (Leeds): Pansi, ndi chikwama cha buledi.