Lucky Grandma: akuyamikira filimu kapena agogowo?

Wakumpoto:
Abale, usiku wapitawu ndaonera Lucky Grandma, filimu ya Sasie Sealy imene inaonetsedwa koyamba pa chikondwerero cha mafilimu cha Tribeca ku New York mu 2019. Olemba ndemanga anaikonda zedi, pa Rotten Tomatoes, tsamba la pa intaneti losonkhanitsa ndemanga za mafilimu, ndemanga zoiyamikira zinapitirira 90 peresenti. Koma ndemanga zimene ndawerenga zikungozungulira pa Tsai Chin, amene akusewera ngati agogo Wong. Mayiyu ndi katswiri, sindikukana. Pamene agogo Wong akubwerera kwawo ku Chinatown, dera la Atchaina mu New York, pa basi, ndalama zonse zitathera ku juga, nkhope ili gwa, kenako bambo wokhala pambali pawo n'kumwalira, chikwama cha ndalama n'kuwagwera, ndinaseka mtima ukundiwawa. Koma zigawenga zofuna ndalamazo zitalowa, ine ndinaona ngati nkhani yazilala. Ndili ndekha kodi?

Mayi wa awiri:
Achimwene, simuli nokha, koma mvetsani chimene chinawasangalatsa olembawo. Tsai Chin anabadwa mu 1933. Anaoneka mu filimu ya James Bond, You Only Live Twice, mu 1967, ndipo ambiri timamudziwa ngati Lindo mu The Joy Luck Club ya 1993. Zaka zambiri ku Hollywood ankangomupatsa tizigawo ting'onoting'ono. Kenako atapitirira zaka 80 anamupatsa filimu yonse kuti aisenze yekha, n'kuisenzadi. Inenso ndikanakhala wolemba ndemanga ndikanayambira pomwepo.

Mlendo wa ku Leeds:
Ine ndikutsutsa pang'ono. Zigawengazo n'zimene zikutionetsa kuti agogowa ndi ndani. Taonani pamene akupita kwa gulu lina kukafuna wowateteza: akunenerera mtengo ngati akugula ndiwo, mpaka awapatsa Big Pong, chimunthu chachikulu koma chofatsa ngati mwana. Agogo anga ankanenerera choncho, chikwama atachipanira m'khwapa, osamwetulira mpaka wogulitsa agonje. Ndipo musaiwale chimene chinawatumiza agogo Wong ku juga. Amuna awo amwalira osawasiyira kanthu, mwana wawo akufuna akakhale kwake, iwo akukana kusiya nyumba yawo. Woombeza atawauza kuti tsiku lawo lamwayi lafika, anagwira mawuwo ndi manja awiri. Umbombo ulipo, inde, koma mantha osanduka mtolo kwa ana ndi amene akuwayendetsa. Apa ndi pamene ndemanga zambiri zinangodutsa mothamanga.

Mayi wa awiri:
Chinanso, filimuyi inapangidwa ndi 1 miliyoni ya madola imene Sealy ndi mnzake wolemba naye, Angela Cheng, anapambana pa mpikisano wa AT&T Untold Stories. Ku America imeneyo ndi ndalama yochepa. Inatuluka mu Meyi 2020, nyumba zamakanema zili zotseka chifukwa cha Covid-19, anthu ambiri n'kuionera pa intaneti ali kunyumba.

Wakumpoto:
Zikomo nonse. Za kuopa kukhala mtolo zija sindinaziganizire, ndipo zandigwira mtima chifukwa mayi anga nawonso akukana kuchoka kumudzi. Za mfuti zakumapeto ndikanali pomwepo, sizinandikhutiritse. Loweruka ndiioneranso, ulendo uno pamodzi ndi mayiwo.